Mpheta, Wokayika ndi Wansembe: Kupenda Moyo ndi Nyimbo za Oimba Atatu a ku France

MAU OYAMBA

Pa 14 Okutobala 1963 khamu lalikulu la anthu lidadzaza miseu ya mzinda wa Paris kuperekeza maliro a mai wina woimba, dzina lake Édith Piaf, ku manda a Père Lachaise. Misa ya maliro sidachitike. Arkiepiskopi wa ku Paris, Kadinala Maurice Feltin, adaikana chifukwa maiyo anali atasudzulana ndi mwamuna amene adamanga naye ukwati m'tchalitchi, nakwatiwa ndi wina. Wansembe wina amene ankatumikira anthu a zisudzo adangodalitsa mtembo kumanda konko. Patapita zaka 50, pa 10 Okutobala 2013, Misa yomkumbukira idachitika m'tchalitchi cha Yohane Mbatizi Woyera ku Belleville, dera la anthu osauka kumene moyo wake udayambira.

Sitikulemba pofuna kuzenga mlandu Kadinala uja. Malamulo a Eklezia a 1917, amene ankatsatidwa nthaŵi imeneyo, ankamana mwambo wa maliro anthu ochimwa poyera amene sadaonetse chizindikiro cha kulapa (kanoni 1240), ndipo iwo adatsata zolembedwazo. Chimene tifuna kupenda ndi chizoloŵezi chimene ambiri a ife, ansembe ndi okonzekera unsembe, tili nacho: kuyesa nyimbo poyang'ana moyo wa mwini wake. Woimba akakhala wopemphera, timati nyimbo zake nzabwino; akakhala wotayika, timatseka makutu tisanamve nkomwe.

Oimba atatu a ku France, amene adatchuka pa nthaŵi imodzi, akutithandiza kuona kuti muyeso umenewu ngwopereŵera. Woyamba ndi Édith Piaf, wokhulupirira amene moyo wake unali wosalongosoka. Wachiŵiri ndi Georges Brassens, munthu wokayika za Mulungu ndi wokonda kuseka ansembe. Achitatu ndi Bambo Aimé Duval, wansembe wa chipani cha Ajezuiti amene ankayenda ndi gitala. Mfundo yathu njakuti nyimbo iyenera kuyesedwa ndi zoona zimene ikunena za munthu, ndipo moyo wa woimba tiziuŵerenga pofuna kumvetsa mtengo umene iye adalipira kuti anene zoonazo.

1. MTUNDU WA NYIMBO ZAKE

Afalansa ali ndi mtundu wa nyimbo umene amautcha chanson. Chimene chimausiyanitsa ndi nyimbo zovina nchakuti mau ndiwo amatsogola, zoimbira zimangoperekeza. Pa mphindi zitatu kapena zinai woimba amasimba nkhani yathunthu, yokhala ndi anthu ake, malo ake ndi mathero ake. Nyimbo zotere zidakulira m'miseu ndi m'nyumba zomweramo, pambuyo pake zidaloŵa m'maholo akuluakulu a ku Paris monga Olympia ndi Bobino, ndipo wailesi ndi mbale za galamafoni zidazifikitsa m'makomo mwa anthu. Ena, monga Piaf, ankaimba kwambiri nyimbo zolembedwa ndi anzao. Ena, monga Brassens ndi Bambo Duval, ankadzilembera okha mau ndi chuni chomwe.

Woimba wa mtundu umenewu amaima yekha pa nsanja, nkumalankhula ngati kuti zimene akuimbazo zidamgwera iye mwini. Mphamvu ya luso limeneli yagona pamenepa, ndipo ngozi yake ili pomwepo. Omvera amayamba kuiŵala malire a pakati pa nyimbo ndi munthu, mpaka amaona ngati moyo wa woimbayo uli m'gulu la zimene adalipirira pakhomo.

Tikumbukirenso anthu amene ankamva nyimbozi. Boma la France lidalekana ndi Eklezia mwalamulo mu 1905, ndipo anthu ambiri ogwira ntchito m'mafakitale anali atasiya kale kupita ku tchalitchi. Mu 1943 ansembe aŵiri, Bambo Henri Godin ndi Bambo Yvan Daniel, adalemba buku lofunsa ngati dziko la France silidasanduke dziko lofunika amishoni. Anthu amene ulaliki wa Lamulungu sunkaŵapeza, oimba aŵa ankaŵapeza tsiku ndi tsiku. Nchifukwa chake zimene ankaŵauza za chikondi, za tchimo ndi za imfa nzofunika kuti tizimve.

2. ÉDITH PIAF: CHIKONDI PA MPANDO WA MULUNGU

Édith Giovanna Gassion adabadwa pa 19 Disembala 1915. Bambo ake ankaonetsa maseŵera opinda thupi m'miseu, mai ake ankaimba m'nyumba zomweramo, ndipo onse aŵiri sadathe kumlera. Kwa zaka zingapo adakhala ndi agogo ake ku Bernay, m'chigawo cha Normandy, m'nyumba ya akazi adama imene agogowo ankayang'anira. Kumeneko adadwala maso kwambiri, ndipo mwini wake ankasimba kuti adachira akazi a m'nyumbamo atapita naye kukapemphera ku manda a Tereza wa Mwana Yesu ku Lisieux. Mpaka imfa yake adakhala akumlemekeza Tereza Woyera.

Ali mtsikana adayamba kuimba m'miseu kuti apeze chakudya. Mwana wake mmodzi yekhayo, Marcelle, adamwalira mu 1935 ndi matenda oumitsa khosi ali ndi zaka 2. Chaka chomwecho Louis Leplée, mwini wake wa malo ena achisangalalo, adamumva akuimba pamseu, namlemba ntchito, nampatsa dzina loti Piaf. M'chilankhulo cha m'makwalala a Paris dzinali litanthauza mpheta, ndipo lidamuyenera, pakuti msinkhu wake sunkafika mita imodzi ndi theka.

Luso lake linali lopanda zokometsera. Ankatuluka atavala diresi lakuda, osavina, zida zake zili ziŵiri zokha, manja ndi liwu. Liwulo lidakulira pamseu, pamene woimba ayenera kupambana phokoso la magalimoto kuti wokhala pa windo la nyumba yosanja amve ndi kuponya kandalama. Nchifukwa chake mau onse ankatuluka omveka bwino. Anthu a m'nyimbo zake ndi amalinyero, asilikali, akazi adama ndi osiyidwa. Mu L'Accordéoniste, nyimbo ya 1940 yolembedwa ndi Michel Emer, mkazi wadama akonda mnyamata woimba kodiyoni, mnyamatayo apita ku nkhondo osabwerako. Piaf samunyoza mkaziyo, samlalikiranso, koma amaimba ngati mkaziyo ndi iye, mpaka womvera amazindikira kuti munthu amene ankamlambalala pamseu ali ndi mtima wonga wake. Pamenepa mpamene tiyenera kumpatsa ulemu wonse.

Komabe pali chinthu chimene sitingachilambalale. M'nyimbo zambiri za Piaf chikondi cha mwamuna ndi mkazi chimakhala pa mpando wa Mulungu. Chitsanzo chachikulu ndi Hymne à l'amour, imene mau ake adalemba yekha, chuni chake nkupeka Marguerite Monnot. Adailembera Marcel Cerdan, katswiri wa nkhonya, mwamuna wa banja lake, amene adafa pa ngozi ya ndege ku zilumba za Azores pa 28 Okutobala 1949 akupita kukakumana naye ku New York. M'nyimbomo woimba ali wokonzeka kukana dziko lake ndi abwenzi ake ngati wokondedwa wake atafuna, ndipo kothera kwake akuyembekeza kuti Mulungu adzaŵakumanitsa kuseri kwa manda. Kudzipereka kotere, kosasiya kanthu, nkumene olemba za moyo wauzimu amati nkoyenera Mulungu yekha. Tsono chimene tikupeza mwa Piaf ndi ludzu lenileni lofuna chosatha, koma lotunga pa chitsime chosachedwa kuphwa. Nyimboyi ikunena zoona pa za kukula kwa ludzulo, koma ikuphonya pa za kumene madzi ali.

Cerdan atafa, ndiponso atachita ngozi ya galimoto mu 1951, Piaf adagwidwa ndi moŵa ndi mankhwala opha ululu otchedwa morphine. Pofika 1959 ankakomoka pa nsanja kaŵirikaŵiri, mpaka anyuzi adautcha ulendo wake wa chaka chimenecho ulendo wodzipha. Maholo ankadzazabe. Mu Disembala 1960 adabwerera ku Olympia ndi nyimbo ya Charles Dumont ndi Michel Vaucaire yotchedwa Non, je ne regrette rien, ndipo ndalama za masiku amenewo zidapulumutsa holoyo imene inali pafupi kutsekedwa. Ife ozoloŵera kuphunzitsa za kulapa timafulumira kumva nyimboyi ngati kuuma mtima, popeza woimba akukana kudandaula ndi zakale. Koma tikaimvetsa mpaka kumapeto, tipeza munthu amene akusesa zakale zonse, zabwino ndi zoipa zomwe, kuti ayambenso moyo watsopano. Chimene akufuna nchimene munthu aliyense wobwera kudzalapa amafuna. Cholakwika nchakuti akufuna kuyambanso popanda kuzitchula zakalezo ndi maina ake, ndipo moyo watsopanowo akuutsamiritsanso pa chikondi cha munthu.

Tiyeneranso kunena kuti mphamvu ya nyimboyi usiku umenewo idachokera ku thupi lofooka limene linkaiimba. Anthu ankaombera m'manja bala lomwelo limene linkamupha. Akuluakulu adati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Mu Okutobala 1962 Piaf adakwatiwa ndi Théo Sarapo m'tchalitchi cha Orthodox, ukwati wake woyamba ndi Jacques Pills utatha, ndipo pa 10 Okutobala 1963 adamwalira pafupi ndi mzinda wa Grasse ali ndi zaka 47.

3. GEORGES BRASSENS: CHIFUNDO CHA MUNTHU WOKAYIKA

Brassens adabadwa pa 22 Okutobala 1921 ku Sète, mzinda wa m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Mai ake, amene makolo ao adachokera ku Italy, anali Mkatolika wolimba. Bambo ake, mmisiri womanga nyumba, sankafuna kumva za ansembe. Mwanayo adatengera onse aŵiri. Ali ndi zaka 17 adagwidwa pamodzi ndi anzake pa mlandu wa kuba, ndipo bambo ake aja pobwera kudzamtenga ku polisi sadamkalipire. Chikhululukiro chimenechi sadachiiŵale, mwakuti mu 1966 adachiimba mu Les Quatre Bacheliers, m'mene makolo olemekezeka akukana ana ao, koma bambo wosapemphera akulandira wake. Aliyense wodziŵa fanizo la mwana woloŵerera pa Luka 15 angazindikire kumene nkhaniyi ikuloza.

Mu 1943 Ajeremani adamtengera ku ntchito yokakamiza m'fakitale ku Basdorf, pafupi ndi Berlin. Atapatsidwa tchuthi mu 1944 sadabwererenso, koma adabisala ku Paris kwa Jeanne ndi Marcel Planche, m'kanyumba kopanda magetsi ndi madzi ku Impasse Florimont. Adakhala komweko mpaka 1966, ngakhale anali atatchuka ndi kulemera kale. Kumeneko adadziphunzitsa yekha ndakatulo poŵerenga olemba monga François Villon, Victor Hugo ndi Paul Verlaine, ndipo adayamba kudziŵika mu 1952 ndi thandizo la woimba wamkazi Patachou.

Pa luso la mau, Brassens aposa anzake aŵiriŵa kutali. Pa nsanja ankakhala ndi gitala ndi mnzake mmodzi woimba bezi, phazi lili pa mpando. Ziganizo zake nzoyezedwa bwino, ndipo amasakaniza Chifalansa chakale cha m'mabuku ndi mau a m'makwalala, ngakhale otukwana. Mu 1967 bungwe la Académie française lidampatsa mphotho yake yaikulu ya ndakatulo. Nyimbo yake yokondedwa koposa, Chanson pour l'Auvergnat ya 1954, ili ndi ndime zitatu. Munthu wonyozedwa ndi mudzi wonse akuthokoza anthu atatu: mwamuna wa ku Auvergne amene adampatsa nkhuni pa nthaŵi ya chisanu, mai amene adampatsa buledi pa nthaŵi ya njala, ndi mlendo amene adangomumwetulira mwachisoni pamene apolisi ankamtenga. Aliyense mwa atatuŵa akumfunira kuti pa tsiku la imfa yake adzafike kwa Atate amuyaya. Pa mau onse ofotokoza Mateyo 25 amene adalembedwa m'Chifalansa m'zaka zimenezo, sitikhulupirira kuti alipo amene adafika m'makutu a anthu ochuluka chotere. M'zaka zomwezo adaika chuni pa ndakatulo ya Francis Jammes, mlakatuli wachikatolika, naitcha La Prière. Ndime iliyonse imatchula masautso a anthu ndi kutha ndi mau oyamba a Tikuoneni Maria, ndipo iye ankaiimba mosaseka.

Chifundo chomwechi nchimene chidamchititsa kudana ndi chilango cha imfa. Le Gorille, nyimbo yolaula imene wailesi idailetsa, imathera pa woweruza milandu amene tsiku lomwelo anali atadulitsa munthu mutu. Mu 1976, mu La Messe au pendu, Brassens adayamikira wansembe amene adakaimba Misa patsinde pa mtengo umene akhristu ake adanyongerapo munthu. Dziko la France lidathetsa chilango cha imfa pa 9 Okutobala 1981, kutatsala masiku 20 kuti iye amwalire, ndipo mu 2018 Papa Fransisko adakonzanso nambala 2267 ya Katekisimu kuti inene poyera kuti chilangochi nchosaloledwa. Wamisala adaona nkhondo.

Tisampatse unsembe umene iye sadaufune. Brassens ankakayika za Mulungu mpaka mapeto, sadamange ukwati ndi mkazi amene adakondana naye zaka zoposa 30, ndipo mu 1976 yomweyo adaseka Eklezia mu Tempête dans un bénitier, nyimbo yonena za mkangano wa kusiya Chilatini pa Misa. Kuseka kumeneku sikutivuta kwenikweni. Chofooka chake chenicheni chili pena: chifundo chake nchapakati pa munthu ndi mnzake basi, ndipo gulu lililonse amaliyesa chiwopsezo. Wapolisi, woweruza ndi mkhristu wa m'tchalitchi kaŵirikaŵiri amaoneka m'nyimbo zake ngati zidole zopanda nkhope, ndiye kuti iyenso ali nao anthu ake amene saŵaona. Mu 1964, mu Les Deux Oncles, adaika pa muyeso umodzi amene adafera mbali ya Angerezi ndi amene adafera mbali ya Ajeremani, ndipo ambiri amene adalimbana ndi ulamuliro wa Hitler adapwetekedwa mtima. Iwo sadalakwe. Nkhuni zopatsa wozizidwa nzofunika, koma pali zoipa zina zimene sizigonja mpaka anthu atagwirizana, ena nkutayapo moyo. Pa mfundo imeneyi nyimbo zake zilibe chotiuza.

Chinthu chimodzi adachidziŵa kuposa anzake: kubisa moyo wake. Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Mu Les Trompettes de la renommée ya 1962 adakana poyera kugulitsa zinsinsi zake kwa anyuzi kuti atchuke, ndipo m'nyimbo yomweyo adatchula mwanthabwala kuti iye ndi Bambo Duval ankamvana bwino. Adamwalira ndi khansa pa 29 Okutobala 1981 ali ndi zaka 60, naikidwa mwakachetechete kwao ku Sète.

4. BAMBO AIMÉ DUVAL: WANSEMBE PAMASO PA KHAMU

Bambo Duval adabadwa mu 1918 m'banja la alimi ku mapiri a Vosges. Adaloŵa chipani cha Ajezuiti mu 1936, nadzozedwa unsembe mu 1949. Inali nthaŵi imene Eklezia wa ku France ankafunafuna njira zofikira anthu otalikira, ndipo njira ina, ya ansembe ogwira ntchito m'mafakitale, idaimitsidwa ndi Roma mu 1954. Bambo Duval adasankha kuloŵa ndi gitala m'nyumba zomweramo. Posachedwa adayamba kudzaza maholo, mbale zao zidagulidwa zoposa miliyoni imodzi, ndipo adakaimba m'maiko oposa 40. Anthu ankaŵatcha Brassens wovala mkanjo.

Kodi dzinali lidaŵayenera? Pano tiyenera kulankhula mosakondera, ngakhale tikunena za mbale wathu. Nyimbo zao, monga Seigneur, mon ami ndi Le Seigneur reviendra, zili ndi ubwino wake: nzosavuta kuphunzira, mau ake ngatsiku ndi tsiku, ndipo zimaonetsa Ambuye ngati bwenzi loyenda nafe pa nthaŵi imene ambiri ankangoŵadziŵa ngati woweruza. Yopambana zonse, m'kuona kwathu, ndi Rue des Longues Haies, yotchedwa ndi dzina la mseu wa anthu oluka nsalu ku Roubaix. M'menemo wantchito wosadziŵika akudutsa atatopa, ndipo ofunafuna Mulungu m'mitambo akuchenjezedwa kuti adzamphonya. Nyimbo imeneyi ingaime pambali pa ya munthu wa ku Auvergne ija osachita manyazi. Koma zambiri mwa zinazo sizifikapo. Chitonthozo chimabwera msanga, bala lisanaoneke bwino, ndipo womvera amadziŵiratu mathero kuyambira pa ndime yoyamba. Chiphunzitso chake nchoona, koma munthu amene akutonthozedwayo alibe dzina, alibe mseu, alibe mbiri. Apa tiphunzirepo kuti kulondola kwa chiphunzitso pakokha sikupanga nyimbo yabwino.

Chimene nyimbozo sizinkanena chinali kuchitika mseri. Maulendo osatha, kugona m'malo achilendo, kusungulumwa pambuyo pa phokoso la khamu, ndi mtima wosachedwa kupwetekedwa ndi mavuto a ena, zidaŵafikitsa ku moŵa. Khamu linkafuna wansembe wachimwemwe, ndipo iwo ankalipatsa chimene linkafuna. Mu 1969 adafika poyesa kudzipha. Chipulumutso chao chidadzera m'gulu la Alcooliques anonymes, m'mene zidakwa zimakumana, kuvomera kufooka kwao ndi kuthandizana kukhala tsiku limodzi limodzi osamwa. Wansembe amene ankalalikira anthu zikwizikwi adakhala pansi pakati pa amuna ndi akazi osweka, nkumva Mthenga Wabwino kuchokera kwa iwo.

Mu 1983 adatulutsa buku lotchedwa L'enfant qui jouait avec la lune, losimba za uchidakwa wao ndi za kuchira kwao, ndipo adalisaina ndi dzina loti Lucien lokha, monga mwa mwambo wa gulu lija wosatchula dzina la makolo. Adamwalira ku Metz pa 30 Epulo 1984. Ife tiyesa kuti bukuli ndiye ntchito yao yaikulu koposa nyimbo zonse, chifukwa m'menemo chitonthozo chikubwera pambuyo pa zoona, ndipo wolankhulayo sakubisanso nkhope yake. Sadali okha pa ngozi imeneyi. Sisteri wa chipani cha Dominiko Woyera wa ku Belgium, Jeanine Deckers, amene nyimbo yake Dominique idatsogola pa malonda ku America mu 1963, adatuluka m'chipani mu 1966, ndipo mu 1985 adadzipha atapanikizika ndi ngongole za msonkho. Kutchuka sikuwopa mkanjo.

5. ZIMENE TAPEZA

Tikadatsata muyeso wathu wakale uja, tikadaika Bambo Duval patsogolo, Piaf pambuyo, Brassens nkumsiya kunja. Koma tikayesa ndi zoona zimene nyimbo zikunena za munthu, mndandanda ukusintha. Brassens ndiye adaona bwino koposa nkhope ya wosauka ndi ya wopalamula, ngakhale sadaone kufunika kwa mpingo kapena gulu lililonse. Piaf adaulula kukula kwa ludzu la mtima wa munthu, ngakhale adaloza chitsime cholakwika. Bambo Duval ankachidziŵa chitsimecho, koma mau ao adalemera kwenikweni pamene adavomera ludzu lao. Palibe mmodzi mwa atatuŵa amene tingammeze wathunthu, ndipo palibe amene tingamtaye osaluzapo kanthu.

Moyo wao ukutiuzanso za khamu. Aŵiri amene adalola kuti omvera atenge moyo wao wonse, wina poonetsa bala lake, wina polibisa ndi kumwetulira, adaphwanyika. Amene adasunga chitseko cha nyumba yake adatsala wamphumphu. Wansembe nayenso amaima yekha pamaso pa anthu sabata ndi sabata, ndipo anthu amamuyembekeza kuti akhale chimene akunenacho. Nkhani ya Bambo Duval ikhale yoŵerengedwa m'seminale monga chenjezo, makamaka ndi amene ali ndi mphatso yokopa anthu, ndiponso ndi akuluakulu amene amaŵatuma osafunsa kuti akabwera usiku amalankhula ndi yani.

Patangopita miyezi 7 chiikireni maliro a Piaf, pa 7 Meyi 1964, Papa Paulo VI adasonkhanitsa anthu aluso m'Kachisi wa Sistine, navomera kuti Eklezia ndi aluso adatalikirana, napempha chikhululukiro pa mbali ya Eklezia. Chaka chotsatira, Msonkhano Waukulu Wachiŵiri wa ku Vatican, mu Gaudium et Spes nambala 62, udaphunzitsa kuti zolembalemba ndi zaluso nzofunika pa moyo wa Eklezia, popeza zimayesa kufotokoza chimene munthu ali, masautso ake ndi chimwemwe chake. Malamulo a 1983 nawonso adachepetsa chiletso chija: wochimwa poyera amanidwa mwambo wa maliro pokhapokha ngati kumpatsa kungakhumudwitse akhristu poyera, ndipo pakakhala chikayiko afunsidwe Episkopi (kanoni 1184).

Chiweruzo cha miyoyo ya oimba atatuŵa sichili m'manja mwathu, ndipo Mwini wake adationetsa kale pa Luka 7 kuti mkazi amene Simoni Mfarisi ankamuona ngati wochimwa chabe, Iye ankamuona mwa njira ina. Chimene chili m'manja mwathu ndi nyimbo zao. Ntchito yathu ndi kuzimva mpaka kumapeto, kuvomera zoona pamene zili ngakhale zitatuluka m'kamwa mwa wotiseka, ndi kutchula chopereŵera pamene chili ngakhale woimbayo atavala mkanjo wonga wathu.